Mwana wanga akufuna digiri yophatikiza kujambula zithunzi ndi phunziro lina

FUNSO: Ndimagulitsa zitenje pamsika wa Kapata kuno ku Chipata. Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino mayeso a Giredi 12, koma mtima wake uli pa kujambula zithunzi, ndipo akuti akufuna digiri yophatikiza luso limeneli ndi phunziro lina. Bambo ake akukana, akuti kujambula ndi ntchito ya pamaukwati yosafuna yunivesite. Kodi digiri yotere ilipodi, nanga ingadzamudyetse? Ndine mayi wa ku Kapata.

YANKHO: Mayi, digiri yotere ilipodi. M'mayunivesite ambiri a ku Britain wophunzira amaloledwa kutenga maphunziro awiri olemera mofanana, pomwe kwathu kuno njira yodziwika ndi yokhala ndi phunziro lalikulu limodzi ndi lina laling'ono lotsamirapo. Komabe mwana wanu adziwe kuti mu Zambia kujambula zithunzi kawirikawiri kumaphunzitsidwa ngati mbali ya utolankhani ndi zofalitsa nkhani, kapena ya zaluso. Ku Lusaka, University of Zambia, yomwe idatsegulidwa mu 1966, imaphunzitsa zofalitsa nkhani pa digiri ya zaka zinayi, ndipo Evelyn Hone College ndi sukulu ya ZAMCOM (Zambia Institute of Mass Communication) zimaphunzitsa utolankhani. Asanalembetse kulikonse, apemphe mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse ndipo awerenge kuti ndi angati amene adzamugwiritsa kamera m'manja, chifukwa dzina la digiri silinena zonse.

Maganizo anga ndi akuti phunziro lachiwirilo ndi limene banja liyenera kulikhalira pansi mofatsa, popeza ndilo lidzamuuze chojambula ndi chifukwa chochijambulira. Taganizirani mwana wanuyo ali ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala mwezi wa February. Dzuwa lili paliwombo, fumbi lakwera, ovina ingoma akuponda pansi mwamphamvu, ndipo nkhope zawo zili mumthunzi wa zovala zakumutu. M'kalasi ya kujambula adzaphunzira kuti chotsekera kuwala cha kamera chiyenera kuthamanga, mwina gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi kapena kuposerapo, kuti mwendo wa wovina usatuluke mbuu, ndipo adzadziwa kusintha kabowo ka lenzi ndi ISO, mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala, kuti nkhope isade. Zimenezi n'zofunika, koma sizingamuuze nthawi imene Inkosi ya Makosi Mpezeni ilawe zipatso zoyamba za m'munda, kapena pamene munthu wamba sayenera kuima. Zotere amazidziwa amene waphunzira mbiri ndi chikhalidwe cha anthu.

N'chimodzimodzi ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Achewa wa Kulamba mwezi wa August. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, ali ndi zake zoonekera pabwalo ndi zake zakudambwe zimene kamera siyenera kuyandikira. Wojambula wosadziwa mwambo amalakwira eni ake, ndipo chaka chotsatira palibe amene angamulandire. Ngati mtima wa mwanayo uli pa nyama zakutchire, phunziro la zachilengedwe kapena la zokopa alendo lingamutsegulire njira ya ku Mfuwe, ku South Luangwa, kumene malo ogona alendo amafuna zithunzi zoitanira anthu.

Nkhawa ya bambo ake musaipeputse. Ntchito zolembedwa pamwezi za ojambula ndi zochepa, ndipo ambiri amadzilemba okha: lero ukwati, mawa msonkhano wa bungwe lothandiza alimi, mkuja zithunzi za malonda. Ntchito ya pamaukwati ndi yolemekezeka ndipo yalera mabanja ambiri, koma amene amapindula nayo ndi wodziwa kuika mtengo, kulemba pangano ndi mwini ntchito, ndi kuteteza umwini wa zithunzi zake, umene lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limauzindikira. Pa chifukwa chimenechi kuphatikiza kujambula ndi maphunziro a zamalonda ndi nzeru yabwino kwa mwana amene wakulira pafupi ndi benchi ya amayi ake pamsika, ndipo phunziro lachiwirilo limamusiyira khomo lina lolowera ntchito ngati kamera itachedwa kubweza ndalama.

Kuipa kwake kuliponso. Nthawi imagawika pawiri, choncho wophatikiza sazama msanga ngati mnzake amene amangojambula tsiku lonse, ndipo ayenera kubwezera nthawiyo Loweruka ndi patchuthi. Ndalama nazonso sizithera pa fizi, chifukwa pamafunika kamera, lenzi ndi kompyuta yotha kukonzera zithunzi. Afunse ngati sukuluyo imabwereketsa zida zimenezi.

Pakali pano ayambe kusonkhanitsa zithunzi zake zabwino koposa, ngakhale zojambula ndi foni, popeza olemba ntchito ndi masukulu ena a zaluso amayamba aona ntchito ya manja asanaone satifiketi. Asankhe nkhani imodzi, monga alimi okolola mtedza kapena anyamata onyamula anthu panjinga m'tauni ya Chipata, aitsate kwa miyezi ingapo, ndipo nthawi zonse azipempha chilolezo asanajambule munthu, makamaka mwana.

Musanalipire ndalama iliyonse, tsimikizani kuti yunivesiteyo ndi yolembetsedwa ku Higher Education Authority, bungwe la boma loyang'anira mayunivesite, kapena ku bungwe la TEVETA ngati ndi koleji ya ntchito zamanja. Mayunivesite ambiri amafuna makirediti asanu a Giredi 12, kuphatikizapo Chingerezi. Za ngongole ya maphunziro funsani ku Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo mufunse mwachindunji ngati sukulu ndi digiri imene mwana wanu wasankha zili m'gulu la zimene amathandiza chaka chimenecho.