Mtengo wa mango ukuoneka bwino, ine ndikutuluka mbuu: kudzijambula wekha ndi kamera

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wosoka zovala pa Kamwendo ku Mchinji. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi:

"Achimwene, ndimasoka madiresi a zitenje ndipo ndimawavala ndekha n'kudzijambula kuti ndiike pa Facebook ndi pa WhatsApp, poti wondijambula ndilibe. Mlongo wanga ananditumizira Canon 1200D kuchokera ku Johannesburg pamodzi ndi lenzi ya 50mm f/1.8. Ndikajambula ana, zithunzi zimatuluka bwino. Koma ndikaiika pa tripod, n'kutchera tayima, n'kuthamangira kutsogolo, ine ndimatuluka mbuu pamene mtengo wa mango wakumbuyo kwanga ukuoneka tsamba lililonse. Kodi yawonongeka? Pali wina akufuna aigule."

Achemwali, musaigulitse. Kamera imene ikuonetsa tsamba lililonse la mango ndi yamoyo, ndipo amene akuifunayo akudziwa zimenezo.

Chikuchitika n'chakuti kamera yanu imayeza mtunda panthawi imene mwasindikiza batani pang'ono, musanalimalize. Mukalimaliza, tayima imayamba kuwerenga masekondi 10, koma fokasi yakhala kale pamene inagwera. Ndiye taganizani: panthawi imene mukusindikizayo, inu muli kumbuyo kwa kamera. Kutsogolo kulibe munthu, kuli mtengo. Kamera imagwira mtengowo, ndipo mukafika n'kuima, siyezanso. Ana amatuluka bwino chifukwa amakhala ali kale pamalo pamene mukudina.

Mankhwala ake n'kuika chinthu choti chikuimireni pamalopo. Ambiri amaika mpando kapena thumba la mtedza, ndipo zimathandiza ndithu, koma ine ndimakonda nsungwi kapena mtengo wa tsache wouimika m'ndowa ya mchenga, n'kumangirirapo katoni ya sopo pamsinkhu wa maso anu. Katoni yokhala ndi zilembo ndiyo yabwino chifukwa kamera imagwira msanga pamene pali mizere yakuda ndi yoyera. Pansalu yosalala ya mtundu umodzi imangosakasaka. Yatsani Live View, yoonetsa chithunzi pa sikirini yakumbuyo musanajambule, lozetsani kabokosi ka fokasi pazilembozo, sindikizani batani pang'ono mpaka igwire. Kenako dinani batani la galasi lokulitsira, likuonetseni 5x ndi 10x, mutsimikize kuti zilembo zikuwerengeka. Zikatero, kankhani kaswitchi ka pambali pa lenzi kuchoka pa AF (kamera kuyeza mtunda yokha) kupita pa MF (kuyeza ndi dzanja). Kuyambira pamenepo kamera sidzasinthanso mtunda ngakhale mudine batani kangati. Mphete yakutsogolo kwa lenzi musaikhudzenso. Ngati imayenda msanga, imateni ndi kaselotepi.

Musanachotse ndowa, lembani mzere pansi ndi khala kapena choko chanu chosokera, podutsa pamene paima nsungwi. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonyera. Amaponda mzere ndi zala zakuphazi, kenako n'kuweramira kutsogolo kapena kupendekera kumbuyo kuti diresi ioneke bwino, nkhope n'kuchoka pamalo. Chofunika kukhala pamwamba pa mzere ndi maso anu. Mzerewo udutse pakati pa mapazi, ndipo mukasintha kaimidwe, musinthe potembenuka, osasendera kwa kamera kapena kuithawa.

Mwina muzifunsa kuti kusuntha pang'ono chabe kungawononge bwanji chithunzi. Malo amene amaoneka bwino kutsogolo kwa kamera ali ngati khoma loimikidwa mopingasa: chili m'kati mwa khomalo chimaoneka, chili kutsogolo kapena kumbuyo kwake chimayamba kuchita mbuu. Pa kamera yanuyi, ndi lenzi ya 50mm pa f/1.8, mutaima mamita awiri kuchokera pa kamera, khomalo n'lokhuthala masentimita pafupifupi 11 basi. Kungopuma mozama n'kutukula chifuwa mwatulukamo kale. Nambala ya f imasonyeza kukula kwa bowo la lenzi: ikakwera, bowolo limachepa ndipo khomalo limakhuthala. Mukaika f/5.6 pamtunda womwewo limafika masentimita pafupifupi 35, ndipo pa f/8 limayandikira theka la mita. Ndikudziwa kuti f/1.8 imakoma chifukwa imafufuta zakumbuyo zonse, koma imeneyo njofuna munthu wina ali kumbuyo kwa kamera. Ndiponso inu mukugulitsa diresi. Kasitomala akufuna aone kolala, msoko wa m'chiuno ndi maluwa a chitenje, ndipo zonsezi sizingakwane m'masentimita 11. Tembenuzani gudumu lapamwamba lifike pa Av, pamene mumasankha nokha nambala ya f, muike f/5.6, muyambire pamenepo.

Mtunda nawo umakuthandizani. Kuti diresi yonse ilowe kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kamera itaimikidwa choongoka, mufunika kuima mamita anayi ndi theka kapena asanu. Pamtunda umenewo ngakhale f/4 imakupatsani malo opitirira mita imodzi, ndiye vuto limachepa lokha. Zithunzi zovuta ndi zapafupi, zoonetsa bulauzi kapena duku. Kamera ikhale pamsinkhu wa chifuwa kapena m'chiuno, isaloze pansi kapena kumwamba kwambiri, apo ayi nkhope ndi mpendero wa diresi sizikhala pamtunda umodzi.

Tsono mukachepetsa bowo la lenzi chonchi, kuwala kolowa kumachepa, ndipo kamera imayamba kutsegula shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, nthawi yaitali. Apa pamabadwa mbuu wina wosiyana ndi woyamba uja. Yang'anani nambala ya liwiro la shutter pa sikirini: isatsike kuposa 1/125, ndipo ngati mukuzungulira kuti siketi iuluke, ikhale 1/250 kapena 1/500. Ikatsika, kwezani ISO, nambala yothandiza kamera kujambula pamene kuwala kuli kochepa, ifike 400 kapena 800. Musaope timadontho timene ISO imabweretsa. Pa foni ya kasitomala sitioneka n'komwe, pamene nkhope yosuntha imaoneka kwa aliyense. M'chipinda chosokera, pansi pa babu limodzi, musavutike. Tulukani pakhonde kapena pamthunzi m'mawa dzuwa lisanakwere, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala.

Chithunzi chikakanika, musangochifufuta. Chikulitseni pa kamera muone chimene chaoneka bwino. Ngati zakumbuyo kapena zakutsogolo zili bwino inu ayi, ndi fokasi. Ngati dothi la pamapazi panu likuoneka bwino koma manja kapena nkhope zachita ngati ziwiri, munasuntha, kwezani liwiro la shutter. Ngati palibe chilichonse chooneka bwino, ndi kamera imene inagwedezeka. Matripod opepuka amanjenjemera ndi mphepo, makamaka ya mwera miyezi ya June ndi July imene imatikuntha kuno ku Kasungu monga imachitira kwanu. Musatalikitse kamtengo kapakati, tambasulani miyendo yonse, ndipo kolowekani jumbo ya mchenga pakati kuti ilemere.

Pali kanthu kena m'kamera yanu kamene ambiri sakadziwa. Pamene mumasankhira tayima pali chizindikiro china chokhala ndi chilembo C. Chimenecho chimadikira masekondi 10 n'kujambula zithunzi zotsatizana, kuyambira 2 mpaka 10, monga mwasankhira. Ulendo umodzi wothamanga umakupatsani zithunzi zingapo, ndipo nthawi zambiri chachitatu kapena chachinayi ndicho chabwino, thupi litakhazikika, mpweya utatsika.

Za rimoti ndinene mwachidule. 1200D ilibe Wi-Fi, choncho pulogalamu ya Canon Camera Connect, imene eni 1300D ndi 2000D amagwiritsa ntchito kuona chithunzi pa foni n'kudina ali patali, kwa inu sigwira. Koma pambali pa kamera pali kabowo ka rimoti, ndipo alipo marimoti opanda waya olowa pamenepo. Mukaipeza, ndi yabwino, poti mumadina muli kale pamalo ndiye mukabwezera kaswitchi pa AF, kamera imagwira inuyo. Komabe musaimitse ntchito podikira rimoti. Nsungwi ndi khala zikukwanira.

Kwa owerenga amene mumajambula ndi foni, nzeru yake ndi yomweyi. Gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo, osati yakutsogolo. Ikani chokuimirani, gwirani chala pa sikirini kwa kanthawi mpaka fokasi itsekeke, mafoni ambiri amalola zimenezi, kenako tcherani tayima. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa musanayambe, chifukwa mafuta a m'manja amachititsa chifunga chimene fokasi singachotse.

Chomaliza, achemwali, musaweruze chithunzi mutachiona pa status. WhatsApp imachepetsa zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo timizere ting'onoting'ono ta chitenje ndito timayamba kusowa. Kasitomala akafuna kuona msoko bwinobwino, mutumizireni ngati Document, chimafika monga chinatulukira mu kamera. Inenso mukayesa munditumizire motero ziwiri, chimodzi cha diresi yonse china chapafupi, mundiuze f ndi shutter zimene munaika, tione pamodzi ngati patsala pokonza.