Ma puzzle a chess pa holide: yankho kwa bambo wa ku Zomba

Bambo wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti mu Ogasiti ana akatsekera sukulu banja lonse likupita kumudzi masabata awiri, ndiye akufunsa kuti azipanga ma puzzle (timafunso ta chess tomwe umasaka kayendedwe kopambana) angati patsiku kuti akabwereko atakhwima pa chess. Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Chaka chatha ine ndinachita zomwezo. Tinapita kwa apongozi ku Nkhotakota, ine, mayi akunyumba ndi ana atatu. Ndisananyamuke ndinagula bandulo ya mwezi wathunthu, pawabanki ndinatchaja mpaka kudzaza, mumtima ndili: anyamata akukalabu akandiona. Kuseri kwa nyumba ya apongozi kuli mtengo wa mango, ndipo netiweki imagwira pamenepo pokha. Ndinaikapo mpando. Kukacha ndili pa Lichess, tsamba la chess la pa intaneti, dzuwa likafika pamutu ndili pompo, kondowole ankachita kundiitanira kawiri katatu, pofika ndimapeza atazizira. Ndinkapanga ma puzzle oposa 100 patsiku, nambala ya rating, yoyezera luso lako, ikungokwera, ine ndikumwetulira ndekha ngati wolandira uthenga wa ndalama.

Mukudziwa apongozi sayankhula mwachindunji kwa mkamwini. Tsiku lachinayi ndinangomva akufunsa mwana wawo kukhitchini, mokweza pang'ono kuti mawu afike pamango paja: "Kodi akamwiniwa akumva m'thupi?" Mayi akunyumba anayankha kuti, "Ayi, ali bwino, koma anabwera kudzacheza ndi foni." Ndinaseka, koma sindinasinthe.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. M'mawa wina mwera utaleka, malume ake anamutenga mnyamata wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri pabwato, koyamba m'moyo wake. Anabwera akuthamanga, kabudula ali chonyowa, m'manja muli tinsomba tiwiri. "Adadi taonani!" Ine maso ali pa mfumukazi yomwe ndinkaisaka, ndinangoti, "Eya, wachita bwino," osadzutsa mutu. Anaima kaye pang'ono, kenako anapita kukaonetsa agogo ake.

Ndiye phindu lake? Loweruka loyamba titabwerera m'tauni ndinakhala pabolodi ndi kamnyamata ka Fomu 2. Pofika pakati pa masewera ndinayamba kuona zinthu zomwe kulibe. Ndinapereka bishopu pa kabokosi ka h7, ndikudikira kuti chinachake chituluke. Kanadya, n'kundiyang'ana. Panalibe kanthu. Pamapeto kanandipha pamzere wakumbuyo, mfumu yanga itatsekerezedwa ndi maponi ake omwe, chinthu chomwe ndinali nditachiona pafoni mwina kokwana 200.

Apa ndiye ndisabise. Rating ya ma puzzle ndi bodza lokoma. Puzzle imakunong'oneza kale kuti pano pali nyama, saka. Pamasewera enieni palibe amene amakugwira paphewa n'kukuuza kuti ino ndiyo nthawi yake. Komanso pafoni chala chimathamanga kuposa mutu: waona cheki, wabaya, ukalakwa ukungoti ina ibwere. Zothamanga ndi wotchi zija, Puzzle Rush ya Chess.com kapena Puzzle Storm ya Lichess, zimasangalatsa, sindikana, koma kwa munthu wa msinkhu wathu pamasewerawa zimangophunzitsa kulotera. Ena anditsutsa, atsutse. Ine ndinapanga oposa chikwi m'masabata awiri, chomwe ndinaphunzira ndi kupupuluma.

Chonsecho aphunzitsi enieni anali pafupi, pakhonde la golosale pamsika, madala a bawo. Munawaonapo mmene amachitira? Munthu amayang'ana maenje, milomo ikugwedera, akuwerenga nkhomo mpaka komwe dzanja likagonere, asanagwire kalikonse. Akagwira, wamaliza kale m'mutu. Ine ndinkawadutsa tsiku lililonse popita kukagula mayunitsi.

Ndipo musaganize kuti foni ndiyo njira yokha. Amon Simutowe wa ku Zambia, yemwe anakhala Grandmaster (katswiri wa mlingo wapamwamba kwambiri pa chess) mu 2009, anakhwima m'zaka za m'ma 1990, kulibe zobayabaya zimenezi. Hans Tikkanen wa ku Sweden naye, mu 2010, sankasaka ma puzzle atsopano tsiku ndi tsiku. Ankabwereza mulu umodzimodzi, ulendo uliwonse mofulumirako, mpaka maso anazolowera, ndipo posakhalitsa anakhala Grandmaster. Ife timanyansidwa ndi kubwereza, timati iyi ndinaiona kale. Kuiona ndi kuidziwa n'zosiyana, funsani kamnyamata ka Fomu 2 kaja.

Ndiye mupange bwanji?

Khumi patsiku akwana. M'mawa ana asanadzuke, mphindi 20 kapena 30. Sankhani mtundu umodzi, monga fork (kuopseza zida ziwiri nthawi imodzi), pin (kupanikiza chida chomwe chatchingira china chofunika) kapena kupha pamzere wakumbuyo, Lichess imalola kusankha ndipo ndi yaulere. Musagwire kanthu musanaone m'mutu mayendedwe onse, kuphatikizapo yankho labwino la mdani. Zomwe mwalakwa zilembeni m'kope, sabata yachiwiri muzibwereze. Mukatha, foni m'chikwama.

Ndikadakhala inu ndikadanyamulanso bolodi yeniyeni, ngakhale yapulasitiki yopinda ija. Chaka chino ife tikubwereranso ku Nkhotakota ndipo yanga ili kale m'chikwama, poni imodzi inasowa ndiye tikugwiritsa ntchito chitsekerero cha Fanta. Mtsikana wanga wamkulu waphunzira mayendedwe a hatchi ndipo akufuna akaphunzitse agogo ake, omwe anaiona pachithunzi n'kunena kuti ameneyo ndi bulu. Mnyamata uja chess alibe nayo ntchito. Wandiuza kuti malume ake alonjeza kuti mwera ukalola tikwera tonse, ndipo wandifunsa kawiri ngati ndimatha kusambira.