Kodi ndere za m'damu la nsomba zingayendetse chigayo?

Bambo wina wa ku Limbuli, m'boma la Mulanje, wanditumizira imelo. Ali ndi chigayo cha dizilo komanso madamu awiri a makumba omwe madzi ake abiriwira. Anamva kuti ndere zimatulutsa dizilo, ndiye akufunsa poyambira.

Bambo, sanakunamizeni. Kubiriwira kwa madziko ndi tindere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo mitundu ina monga Chlorella imasunga mafuta m'kati mwake, makamaka ikasowa nayitrojeni. Mafutawo akasakanizidwa ndi mtundu wa spiriti wotchedwa methanol komanso soda wopangira sopo uja, glycerine amadikha pansi, dizilo n'kuyandama pamwamba.

Pamene pagona nkhani ndi pamadzi. Ngakhale m'madamu osaya okumbidwira ntchito imeneyi, omwe amavundulidwa ndi makina usana ndi usiku, lita imodzi ya madzi imapereka ndere zouma zokwana pafupifupi theka la galamu basi. Tiyerekeze kuti gawo limodzi mwa magawo anayi ndi mafuta. Kuti mupeze lita imodzi yokha ya dizilo, muyenera kusefa madiramu a malita 200 oposa 30. Tinthuti timadutsa pansalu yosefera ngati palibe chotchinga, choncho pamafunika makina, kenako kuumitsa, kenako kuswa khungu lake lolimba kuti mafuta atuluke. Mphamvu yonseyi ichokera kuti? Nanga m'mwezi wa June, chiperoni chikakuta phiri masiku angapo dzuwa osatuluka, ndere zikula bwanji?

Boma la America linafufuza zimenezi kuyambira 1978 mpaka 1996, n'kusiya chifukwa mtengo wake sunkapikisana ndi wa mafuta okumba pansi. Kampani ya mafuta ya ExxonMobil inalowamo mu 2009, nayonso inadzasiya. Ine ndimalakalaka ophunzira athu atapitiriza kafukufukuyu, poti mizere ya pa filing'i siteshoni yatitopetsa, ndipo ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa, yemwe wakhala akusakanizidwa ndi petulo kuyambira 1982, anasonyeza kuti zam'munda zimayendetsa galimoto. Koma ndalama zanu zachigayo musaponyemo.

Ndere zanuzo zili kale pantchito: ndi chakudya cha makumba. Mawa m'mawa pisani mkono m'damu mpaka m'chigongono. Chikhatho chikangoyamba kubisika pamenepo, madzi ali bwino. Chikamaoneka mbee, onjezerani manyowa a nkhuku. Chikasowa msanga chigongono chisananyowe, yambani mwaleka kuthira, chifukwa ndere zikachulukitsa zimamaliza mpweya usiku, ndipo m'bandakucha mudzapeza nsomba zikupumira pamwamba.