Yankho langa pa gulu la banja, nkhani ya owotcha mabuku ija

Eee, msuweni, wadzuka bwanji... Ndikuyankha ndi voice note chifukwa ndikalemba zazitali pa gulu pano mumangodumpha. Vidiyo watumiza ija ndaiona, ya munthu akuwotcha Qur'an ku Sweden, ndi funso lako pansi pake lakuti, "Inu osapemphera inu, zimenezi mumazivomereza?" Mpaka kutchula dzina langa, ngati anthu onse osapemphera padziko anachita msonkhano n'kundisankha ine kukhala wowayankhulira.

Choyamba, vidiyoyo ndi yakale, ya 2023. Munthu uja ndi Salwan Momika, wa ku Iraq, anathawira ku Sweden. Anawotchera panja pa mzikiti waukulu wa ku Stockholm, mu Juni, tsiku la Eid lenilenilo. Iye ankati sakhulupirira Mulungu, eya, zimenezo sindikana. Zitatero ku Baghdad anthu anakathyola ofesi ya kazembe wa Sweden n'kuyatsa moto, ndipo Denmark inakhazikitsa lamulo mu Disembala chaka chomwecho loti ukachita zimenezi pagulu utha kukhala kundende mpaka zaka ziwiri. Momikayo anamuwombera mu Januwale 2025, anafa. Ndiye... dikira kaye, ndibwereranso pamenepo.

Nkhani ya amalume aang'ono ndi kalata ya maepiskopi ukuidziwa? Bambo ako aang'ono ndikunena. Iwe unali usanabadwe... ayi, ndanama, unali utabadwa, unali kumbuyo, chifukwa ndi chaka chija amayi ako anagwa pa njinga ya a Headmaster. 1992. Pa 8 Malichi, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika anawerenga kalata ija yodzudzula boma la Kamuzu. Amalume nthawi imeneyo ali mkulu wa kwaya, tayi yofiira ija, mawu ngati akuimbira anthu a kutsidya kwa mtsinje. Anabwera nayo kalatayo kunyumba ataipinda m'thumba la jekete. Masana onse anakhala pansi pa mtengo wa mango uja akuiwerenga mokweza, kumaima pakati n'kumati, "Mwamva? Ine ndakhala ndikunena zimenezi!" Iwo amene ngakhale khadi yachipani ankagulira ndi mwana wosabadwa yemwe.

Sipanapite masiku, wailesi yalengeza kuti kalatayo ndi youkira boma, aliyense amene ali nayo akapereke kupolisi. Maepiskopi, ndi Ambuye Chiona omwe, awaitana kukawafunsa. Kenako kwamveka kuti ku Balaka, kumene anaisindikiza, awotchako. Amalume chakudya chinasiya kulowa. Galimoto ikangomveka kumsewu, iwo ali kuseri kwa nkhokwe, ati akuona chiswe.

Ndiye usiku wina, ine ndinkagona kwa agogo nthawi imeneyo, ndamva chitseko chakukhitchini kuti kwee. Ndasuzumira. Amalume anjuta pa mafuwa, akuuzira makala, kalata ili m'manja. Yayamba kuyaka pangodya. Agogo aja, ukudziwa mphuno yawo, ankamva kuti ndiwo zapserera ali kudimba... atulukira ndi chitenje chokha, osayankhula, aitsomphola, aizimitsa ndi zikhato. Zala ziwiri zinatuluka matuza. Atatero ndiye anati, "Apayoniya awotcha ku Balaka, iwe ukuwathandiza ya kuno?" Amalume ati, "Amayi, mutiphetsa." Agogo ati, "Akabwera uwauze kuti ndi yanga." Anailowetsa m'Baibulo lawo, n'kuliika pansi pa pilo, basi kukagona.

Tsopano chosangalatsa n'chakuti... (akuseka) pepani... itatha referendamu ya 1993, nyali itapambana tambala wakuda, amalume anasanduka msilikali wa matipate. Pamowa paliponse: "Ine kalata ija ndinaibisa miyezi yambiri, apolisi anandizungulira, sindinagwedezeke." Chaka chilichonse apolisiwo ankachuluka. Pa ukwati wa achemwali ako anafika mpaka pa agalu ndi helikopita. Agogo sankatsutsa, ankangodikira afike pakati, n'kufunsa mofatsa, "Kodi ndikatenge Baibulo?" Basi. Amalume zii, kenako ayamba nkhani ya mtengo wa feteleza. Mpaka kumwalira kwawo, mzimu wawo uuse, mawu atatu amenewo ankawakhazika pansi.

Ndimati chiyani paja... eya. Amene ankawotcha usiku uja anali mkulu wa kwaya, si munthu wosapemphera. Ku America, amene anawotcha Qur'an mu 2011 anali m'busa, Terry Jones wa ku Florida, ndipo zipolowe zake zinaphetsa ogwira ntchito a United Nations ku Mazar-i-Sharif, ku Afghanistan, anthu oti sanagwireko ngakhale machesi. Ku Berlin mu Meyi 1933 a Nazi, chipani cha Hitler, anaunjika mabuku pabwalo n'kuwawotcha, ndipo pa mulu umenewo panali mabuku a Freud ndi a Marx, anthu osapemphera anzanga. Komanso ndisakunamize kuti mbali yathu manja ndi oyera. Ku Albania, mtsogoleri wa dzikolo Enver Hoxha mu 1967 anatseka matchalitchi ndi mizikiti yonse, munthu kupezeka ndi Baibulo kapena Qur'an unali mlandu. Uja sankapemphera, ndipo anachita zoipa zenizeni.

Ife osapemphera tomwe timakangana pa nkhaniyi. Ena amati buku ukagula ndi ndalama zako ndi lako, pepala ndi pepala, boma lisalowererepo. Pa zoti munthu asamangidwe kapena kuphedwa, ine ndili nawo. Momika uja sanayenere kufa, ndipo amene akusangalala ndi imfa yake pa gulu pano, amayi aang'ono ndakuonani mwaika kachithunzi kowomba m'manja, ayi, si bwino. Koma kukaima pakhomo pa mzikiti tsiku lachikondwerero, anthu atavala zoyera ndi ana awo, n'kuyatsa moto... pamenepo sukutsutsa mfundo iliyonse. Ukungofuna anthu amve kuwawa. Ine chimene chinandichititsa kusiya tchalitchi n'kuwerenga, osati machesi. Ndinaliwerenga bukulo kuyambira ku Genesis, kuposa ena a inu amene mumangolitsegula pamaliro. Ndikafuna kutsutsana ndi bambo mfumu ndimafuna likhale patebulo, titsegule, tiloze vesi. Phulusa ungaloze chiyani?

Koma msuweni, tiye tisazungulire. Iwe za Sweden ulibe nazo ntchito, Sweden ukaifuna pamapu uloza ku Egypt. Wachita kutumidwa. Ndamva kale kuti pokonza nyumba ya agogo mukugawana katundu, ndipo zafika pa Baibulo lija, ena akuti lisapite kwa ine chifukwa ndikolezera mbaula. Si choncho? Funso lako lenileni ndi limenelo, unangolikulunga mu vidiyo.

Ndiye mvera. Baibulo la agogo sindiwotcha. Sindiling'amba, sindiligulitsa, sindiikapo kapu ya tiyi. Kumapeto kwake kuli masamba aja agogo analembapo masiku athu obadwa tonse, ndi cholembera chabuluu, dzina langa analilakwitsa n'kufufuta ndi chala. Chaka chako chenicheni chilinso momwemo, osati chija umauza anthu kuntchito. Kalata yopserera ija ikadali pa Masalimo, ndinaiona titabwera kudzamanga chiliza. Agogo ankadziwa bwino kuti ndinasiya kupemphera, tinakangana mpaka anandithamangitsa ndi mthiko, komabe maso atayamba kuvuta amene ankawawerengera madzulo ndinali ine. Inu oyera mtima munali kuti? Ku Joni.

Sindikunena kuti ndibwerera kutchalitchi, amayi aang'ono musayambe kuimba aleluya. Zimene zalembedwamo sindizikhulupirira, ndipo mukandifunsa ndidzakuuzani chifukwa chake, mpaka mutope. Koma bukulo ndilisunga. Kwanga kulibe chiswe, denga silidontha, ndipo ana sindiwalola kukhudza shelefu imeneyo. Kwa achimwene ako mukudziwa nokha zinachitikira zithunzi za agogo aamuna.

Ngati banja lagwirizana kuti lipite kwa wina, chabwino, sindilimbana, bola akhale munthu wosamala ndipo tsamba lamasiku obadwa lija alijambule atitumizire tonse. Koma ngati chokuletsani ndi mantha oti ndiliwotcha, amenewo chotsani. Sindiwotcha, ndanena. Uwauze alikulunge mu jumbo ziwiri, chikuto chinayamba kale kuchoka, asalipinde, ndipo kalatayo asaitulutse. Ndibwera kumapeto kwa mwezi. Ndipo undisungire mtedza, osati ngati chaka chatha unandipatsa wofumbwa n'kumati ndi mtundu wake.