Yankho kwa amayi ofunsa za mfundo ya m'chiuno ya seramiki imene yayamba kulira

Amayi, mwalemba kuti bambo anu a ku Chilenje, amene anawaika mfundo ya m'chiuno ya seramiki ku India zaka 6 zapitazo, akumamva kulira kwa "kwii" akamawerama, ndipo mukufunsa ngati mfundoyo yatha. Kulirako pakokha sikutanthauza kuti yatha, komabe si chinthu choti mungochinyalanyaza.

Seramiki ya m'chiuno isakukumbutseni mbale zadothi za m'kabati. Yambiri imapangidwa ndi alumina, mtundu wa seramiki wolimba kuposa chitsulo, ndipo dokotala wa ku France, Pierre Boutin, ndiye anayamba kuiika mwa anthu mu 1970. Mfundo zakale za chitsulo ndi pulasitiki zinkanyenyeka n'kutulutsa tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo thupi polimbana ndi tizidutswato linkadya fupa lake lomwe mpaka mfundo kuyamba kugwedera. Seramiki ikamakhulana ndi seramiki inzake imatha pang'ono kwambiri, chifukwa ndi yosalala ndipo madzi a m'mfundo amakhala pakati pake ngati mafuta.

Vuto limabwera pamene mutu wa mfundo, kampira kamene kamakhala kunsonga kwa fupa la ntchafu, wasiya kuzungulira pakati pa chikho chake cha m'chiuno n'kumakwera m'mphepete mwake. Pamenepo kulemera konse kwa thupi kumatsamira pa kamalo kakang'ono, madzi aja amathawa, ndipo pamutupo pamachita kamzere kokhakhala, kamene nthawi zambiri kamayendera limodzi ndi kulira kumene bambo akumva. Izi zimachitika ngati chikho chinaikidwa chopendekeka kwambiri, kapena ngati munthu amapinda chiuno mopitirira. Apa ndiye ndikuona kuti ife a kuno ku Lusaka tiyenera kusamala, pakuti kunjuta m'chimbudzi chokumba, kukhala pamphasa kumaliro ndi kuweramira mbaula uli pakampando kakafupi ndi zinthu zimene timachita osaziganizira n'komwe.

Palinso kukalamba kwa seramiki yeniyeniyo, makamaka ya mtundu wa zirconia. Ikakhalitsa m'chinyezi cha thupi, timibulu ta pamwamba pake timasintha kaumbidwe n'kufufuma, ndipo pamayamba timing'alu. Mu 2001 mitu yambiri ya zirconia yopangidwa ku France inachotsedwa pamsika itayamba kusweka, kampani itasintha kawotchedwe kake. Za masiku ano, monga BIOLOX delta ya ku Germany imene imaoneka yapinki, amasakaniza alumina ndi zirconia, ndipo kusweka kwake n'kwa apo ndi apo.

Choncho funani kaye pepala la opaleshoni limene limatchula mtundu wa mfundo imene anaika, kenako pitani nawo kwa madokotala a mafupa ku chipatala chachikulu cha UTH kapena kumene amaonedwa, kuti akajambulidwe X-ray n'kuyerekeza ndi yakale. Ngati kulirako kukubwera ndi ululu, kapena akumva kukukuta ngati mchenga, kapena mwendo wayamba kukana kuponda mwadzidzidzi, musadikire tsiku la kiliniki, chifukwa mwina seramiki yang'aluka. Zikapezeka kuti yasweka, mufunse adokotala za mutu umene adzaikepo. Tizidutswa ta seramiki sititheka kuchotsedwa tonse, ndipo totsalato timapala mutu wachitsulo mpaka cobalt, chitsulo china cha m'mutuwo, kulowa m'magazi, n'chifukwa chake pa opaleshoni yachiwiri madokotala amabwezerapo mutu wa seramiki.