Yankho: masipika akumbuyo sakulira poonera filimu pa laputopu

Achimwene a ku Ulongwe, mwati mwalumikiza laputopu ku home theater ya 5.1 (ya masipika asanu ndi imodzi ya bass) ndi kachingwe ka 3.5mm, koma akulira ndi masipika awiri akutsogolo basi. Vuto ndi chingwecho. Chimanyamula njira ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja, ndiye ngakhale mutasintha zotani mu Windows, 5.1 yeniyeni siingadutsemo.

Gwiritsani chingwe cha HDMI kuchoka pa laputopu kulowa mu amplifaya ya home theater yanuyo, kenako ina kuchoka mu amplifaya kupita ku TV. Mukatero dinani Windows ndi R, lembani mmsys.cpl. Pa Playback, kapena Reprodução ngati Windows yanu ndi ya Chipwitikizi, sankhani dzina la amplifayayo, dinani Configure, sankhani 5.1 Surround, ndiye Test. Sipika iliyonse ilire payokha. Ikalira ya kumanzere pomwe pakompyuta pakuonetsa ya kumanja, mawaya mwawasemphanitsa kumbuyoko.

Ngati amplifaya ilibe HDMI, ili ndi polowetsa chingwe cha optical pokha, samalani: chingwe chimenechi chimadutsitsa 5.1 pokhapokha ili Dolby Digital kapena DTS. Mu VLC, pulogalamu yoonerera mafilimu, pitani Tools, Preferences, Audio, muyatse passthrough, yomwe imatumiza mawu a filimu ku amplifaya osawasintha.

Onaninso filimuyo. Dinani Ctrl ndi J mu VLC. Pa Channels pakalembedwa Stereo, akumbuyo alibe choimba. Mafilimu ambiri opatsana pa flash amakhala otero.

Ndipo musasankhe 5.1 muli ndi masipika awiri okha. Zolankhula zimadutsa m'sipika yapakati, ndiye mudzangomva nyimbo ndi mabomba, mawu a anthu osamveka.