Mvula ikutilepheretsa kukwera phiri ndi ana: kodi tingopita basi?

FUNSO: Ine ndi amuna anga tinalonjeza ana athu atatu, azaka 5, 8 ndi 11, kuti patchuthi chino tikakwera nawo phiri, koma kawiri konse mvula yatibweza titavala kale nsapato. Wamng'onoyo analira tsiku lonse, ndipo wamkulu wayamba kunena kuti makolofe timangowanamiza. Bambo awo akuti ulendo wachitatu tipite ndithu ngakhale kugwe mvula, pakuti ana si mchere woti n'kusungunuka. Kodi ndiwavomere? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, amuna anu akunena zoona ngati mvulayo ili ya mawawa ndipo njira yake ndi yam'munsi mwa phiri, chifukwa ana ovala majasi a mvula amasangalala nawo kwambiri ulendo wotere. Koma kukangomveka bingu, nkhani ya mchereyo yathera pomwepo.

Phokoso la bingu limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, choncho mukaona mphezi itang'anima, werengani masekondi mpaka mumve kugunda, podziwa kuti masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Ngati kwagunda musanafike pa 30, mphezi ili pa mtunda wosaposa makilomita 10 ndipo ingathe kukufikani. Tsikani pamsonga ndi pamitunda yoonekera, musabisale patsinde pa mtengo woima wokha, ndipo ngati pafupi pali nyumba kapena galimoto ya denga lachitsulo, loŵanimo ndi kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ana anu ndi kuzizira, chifukwa sikuchita phokoso. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mphepo ikawomba pa zovala zonyowa, thupi limataya kutentha mofulumira. Mwana wazaka 5 amazizidwa msanga kuposa bambo ake chifukwa khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo kutentha kwa thupi kukatsika mpaka kufika pansi pa madigiri 35, moyo uli pachiswe. Mwana amene wakhala akulongolola njira yonse akangoti zii, n'kumapunthwapunthwa ndi kulephera kutseka zipi ya jasi lake, musaganize kuti wazolowera ulendo. Msinthireni zovala pomwepo, mum'funditse, mubwerere. N'chifukwa chake aliyense ayenera kukhala ndi zovala zouma zokulungidwa m'pepala la pulasitiki m'chikwama, ndipo majinzi ndi malaya a thonje, amene akanyowa sauma msanga, atsale kunyumba.

Mitsinje nayonso muisamale. Kamtsinje kamene munadumpha m'mawa kangathe kusefukira masana ndi mvula imene yagwa kumtunda inu osaiona, ndipo madzi othamanga akuya masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu. Miyala yonyowa imaterera makamaka potsika, miyendo itatopa kale.

Tsono cholakwika chimene ndikuona m'kalata yanu, mundikhululukire, ndi chakuti munalonjeza tsiku, pamene tsiku silili m'manja mwanu. Alonjezeni anawo phiri, ndipo muwauze poyera kuti mwasankha masiku atatu ndipo mupita pa tsiku limene kudzache bwino. Popeza mvula ya mabingu kumapiri imakonda kugwa masana dzuwa likapendeka, nyamukani m'bandakucha, ndipo mugwirizane musanachoke pakhomo ola limene mudzatembenuka, kaya mwafika pamwamba kaya ayi.

Wazaka 11 uja, amene akukutchani abodza, mupatseni udindo woona ulosi wa zanyengo madzulo a tsiku lililonse ndi kuuza banja zimene wapeza. Patsiku la ulendo, iyeyo ndiye asunge wotchi ndi kuwerenga masekondi kukang'anima.